Zomvera za M'makutu za Apongozi Anga

Komboni ya mgodi, Joni
12 Malichi 1972

Okondedwa amake Yohana,

Choyamba ndifunse za moyo wanu, inu ndi mwana ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa cha fumbi chija chimabwera n'kumapita, koma si nkhani. Mundiperekere moni kwa apongozi anga a Alufeo ndi kwa amayi, mochita kugwada monga ndikadachitira ine mwini.

Kalatayi ikupezani ndi a Ackim a ku Lobi, amene amaliza nthawi yawo kuno ndipo anyamuka Lachitatu. Ndawapatsira bulangete, nsalu yanu, nsapato za kamtsikana kathu Yohana, ndi katoni yomanga ndi chingwe. Katoniyo musatsegulire pagulu. Muli wayilesi.

Ndinene msanga musanayambe kuvina: wayilesiyo si yanu, ndi ya abambo. Munandilembera kuti makutu awo anatha ndi macheka a m'nkhalango ya Chongoni, kuti kutchalitchi amangoonerera milomo ya wansembe, ndipo akapita kwa aphunzitsi kukamvera mauthenga a maliro amabwerako osatolapo kanthu, ana n'kumawaseka. Nkhani imeneyo inandikhala pamtima. Zaka zonsezi ndadya pamudzi panu monga mkamwini, munda anandigawira ndi iwowo, koma sindinawagulirepo ngakhale mpango wa m'thumba.

M'katonimo mupezanso chinthu chonga uta waung'ono, kunsonga zake kuli tizibakuli tiwiri takuda, ndi chingwe chachitali. Kuno amati mahedifoni, ife tizingoti zomvera za m'makutu. Ndinagula kwa Mandla, mnzanga wa ku Swaziland amene timagona chipinda chimodzi, katswiri wa mawaya. Uta ukhale pamutu, tizibakuli pa makutu, ndipo kansonga ka chingwe mukalowetse pa kabowo kali m'mbali mwa wayilesi. Mukatero wayilesi imangoti zii, mawu onse amathira m'makutu mwa munthu mmodzi. Ndinayesa ndekha. Ine amene makutu amangolira ndi makina obowolera miyala, ndinamva mpaka kupuma kwa muulutsi.

Tsono tcherani khutu pa za mabatire, chifukwa ndi pamene thukuta langa lingathere. Ndatumiza awiri aakulu. Wayilesi ikamalira pabwalo mokweza imadya batire ngati mbuzi yolowa m'dimba, koma ndi zomverazi batire limodzi limakhala miyezi. Choncho abambo azimvera ndi zomverazo basi. Alamu anga a Linus akabwera ndi nkhani zawo za mpira, muwauze kuti mwini wake waletsa. Batire likayamba kufooka muliyanike padzuwa, osati pafupi ndi moto, ndipo lisagone pansi pachinyontho.

Singano ndaiimika pa wayilesi ya kwathu, ndadonthezapo penti yofiira. Pasapezeke wosuntha, ngakhale mongoseweretsa. Chifukwa chake mukuchidziwa, sindichita kulemba.

Chimanga chakhala bwanji kumunda wa kumtunda? Nyemba mukakolola musagulitse zonse kwa oyenda ndi sikelo aja, amakuberani mukuona.

Ndine wanu,
Gerevazio

30 Epulo 1972

Amake Yohana,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi moyo nonse. Ine ndili bwino. Yanu ndinalandira Lachinayi, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo.

Mwati abambo atavala zomvera anati, "Jesinta mwana wanga, kodi anthu akuimbabe chonchi padzikoli?" Mawu amenewo ndawerengera chipinda chonse. Ndinasangalala, sindibisa. Misozi inalengeza, ine n'kunamizira fumbi.

Mwatinso uta ukuwapweteka pa dazi, ndipo makutu akutupa akavala nthawi yaitali. Sindinaganize kuti mutu wa abambo ndi waukulu kuposa wa Mandla, koma izi musawauze kuti ndanena ndine. Mandla akuti zomverazo muveke mtsuko wopanda madzi, zikhale pamenepo masiku angapo, uta utambasuka wokha. Musaukoke ndi manja, uthyoka. Siponji ya pa tizibakuli ngati yauma, sokani timatumba ta nsalu yofewa muikemo thonje, koma pakati musiye malo odutsa mawu. Utawo muukulunge ndi kansanza ka bulangete lakale. Inu manja anu ndimawadziwa, mukonza bwino kuposa a kufakitale.

Za mawu amene akumabwera n'kumathawa m'nyumbamo, vuto si batire, musataye batire labwino. Mudzi wathu uli m'chigwa, phiri latchinga. Abambo ayese kukwera pa thanthwe lija la kumtunda kwa munda wa nyemba, m'mphepete mwa mitengo ya paini. Ndatumiza waya wautali ndi bambo wina wa ku Linthipe, akasiya kwa akatekisiti. Mbali imodzi amange ku eriyo, ina aponye pa nthambi ya mtengo. Akatero mawu adzamveka ngati munthu wakhala nawo pamphasa.

Tsono za a Linus. Mwati anaima pabwalo n'kunena kuti, "Wayilesi ili ngati moto, sauotha munthu mmodzi. Mkamwiniyu watitumizira chiyani chomvera mobisa?" Muwafunse kuti batire likatha akagula ndi ndani. Mtengo wake kusitolo ya kuboma akuudziwa, n'chifukwa chake alibe yawo. Iwo akufuna gule, abambo akufuna kumva, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ine sindinatsike pansi pa nthaka kuti mudzi wonse uzivina.

Komabe musakangane nawo. Ndi malume ake a mwana, ndiponso mwati masiku ano akumayenda ndi anthu oyendera makadi a chipani pamsika aja. Makadi mugule nonse, la Yohana lomwe, ngakhale sanayambe kulankhula bwinobwino. Ndalama yake ili m'kalata muno. Mawu oti "mobisa" aja sanandisangalatse, asamawatchule pagulu.

Moni kwa amayi. Mwendo wawo uja uli bwanji?

Wanu,
Gerevazio

18 Juni 1972

Okondedwa amake Yohana,

Moni nonse. Ndikhulupirira chisanu sichinakupwetekeni, pakuti ndikudziwa mmene chifunga chimatsikira m'phiri mwezi uno. Yohana asamatuluke m'mawa wopanda juzi. Kunonso kukuzizira, madzi akumauma m'mipope. Ine ndili bwino. Sabata yatha kunagwa mwala kumene timagwira. Ine sunandikhudze. Bedi la pamwamba panga lilibe munthu tsopano, tisiyire pomwepo.

Mwachita bwino kuwalukira abambo chipewa cha ubweya chophimba zomvera zonse mpaka m'khosi. Mwati tsopano savula, akuti zimafunditsa makutu kuposa moto, chingwe chimalowa m'jasi, wayilesi ili m'thumba la chiguduli, masana alionse ulendo wa kuthanthwe. Ndikuwaona m'maganizo akukwera ndi ndodo yawo ija, ndipo mtima wanga ukukhala pansi.

Koma chimene chatipha ndi phwete kuno ndi choti akumayankha. Muulutsi akati moni nonse kulikonse kumene muli, iwo mokweza, "Zikomo, tili bwino kuno ku Chongoni, kaya inu kumeneko." Uthenga wa maliro ukatha, iwo, "Pepani, tamva, tiwauza." Ndipo inu mutawauza kuti anthu a m'wayilesi sakuwamva, mwati anakuyang'anani n'kunena kuti, "Kaya akumva kaya sakumva, ine ndinaleredwa. Munthu akupatse moni, iwe n'kungokhala duu ngati chitsa?" Mandla ndinamumasulira, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Akuti kwawonso nkhalamba zake n'zomwezo.

Pali mzere umodzi umene munaulemba ngati nthabwala, koma ine sunandiseketse. Mwati amayi ena otola nkhuni anawapeza abambo pathanthwe, waya ali mumtengo, mutu wophimba, nkhope yaloza kumadzulo, akunena okha kuti "tamva, tiwauza," amayiwo n'kutaya mitolo kuthawa. Amake Yohana, kumadzulo kwa thanthwe limenelo ndi kumalire, ndipo kutsidyako mukudziwa kuti kuli nkhondo. Amayi amenewo atafika kwawo anakanena chiyani, ndipo anauza yani? Kuno kwabwera bambo wina wa ku Ntcheu. Akuti kwawo mphunzitsi anatengedwa chifukwa chopezeka ndi mapu akale m'sutikesi, mpaka lero sanabwere. Mwina ndikungochulutsa maganizo, munthu ukakhala kutali kanthu kakang'ono kamakula.

Chitani chonchi. Abambo asamapite okha, amayi kapena inu muzikhala nawo. Aliyense wodutsa azimuitana, avaleko, amve yekha kuti ndi nyimbo zathu zomwezi. Chinthu chimene munthu wavalapo sachiopa. Amayi othawa aja muwafunefune, muwaveke ndi manja anu. Ndikadati abambo azilankhula motsitsa, koma wogontha sadziwa kukula kwa mawu ake, ine ndemwe kuno akumandidzudzula kuti ndikukuwa.

Batire loyamba mwati latha. Lakhalitsa, ndinakuuzani. Musalitaye poyera, mwana angalinyambite. Lina nditumiza mwezi wa mawa, walira mvula walira matope.

Ndine wanu,
Gerevazio

6 Ogasiti 1972

Amake Yohana,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, inenso ndili bwino. Envulopu ya kalata yanu inafika ndi guluu wa mitundu iwiri, ndipo inu ndikudziwa kuti mumamata ndi phala. Ndiye polemba tizidziwa kuti sitili awiri. Palibe kanthu, tilibe chobisa.

Za alendo awiri a nsapato zopukuta aja ndamva. Mwati anafunsa amene anatumiza makina, kumene mabatire amachokera, ndi amene abambo amalankhula nawo pathanthwe. Mwati abambo anawalandira bwino, anawaveka zomvera ndi manja awo, mmodzi anamvera nyimbo yonse mpaka kutha, povula n'kunena kuti, "Inde, mwasuntha singano mutationa tikubwera." Mawu amenewo andisowetsa mtendere. Munthu wotere ngakhale umuonetse madzi, adzati unathira mkaka n'kusungunula.

Tsono mverani, ndipo muchite tsiku lomwe kalatayi ifike. Waya atsike mumtengo. Kuthanthwe kusapitenso munthu. Chingwe cha zomvera muchizule, wayilesi muiike pakhonde, ilire mokweza kuyambira m'mawa, wodutsa aliyense azimva chimene ikunena. A Linus akaifuna ku mpira atenge, akaifuna ku ukwati atenge. Ine amene ndinkalira za mabatire, lero ndikuti atheretu, ndigula ena. Alamu anga ananena zoona pa za moto zija, ngakhale ananena monyoza.

Zomverazo musazikwirire, musaziponye m'chimbudzi. Alendowo akabweranso n'kupeza palibe, adzati mwabisa umboni. Zipachikeni pa msomali pakhonde, poonekera, pamodzi ndi waya.

Ndikudziwa kuti abambo akukana. Mwalemba kuti mutayesa kuwauza anati, "Munanditulutsa m'dzenje, lero mukuti ndibwereremo? Ndalakwira yani ine?" Sanalakwire munthu, ndipo zikundiwawa kuwalanda chimene ndinawapatsa ndekha. Wayilesi ikalira pakhonde iwo sadzatolapo kanthu, ndikudziwa. Koma ine mkamwini sindingawalamule, ndipo inu ndinu mwana kwa iwo. Pitani kwa amayi, amayi ndiwo amadziwa polowera. Zikakanika pemphani akatekisiti adzakhale nawo pansi. Muwauze kuti ndi za kanthawi, mphepo ikadutsa adzavalanso.

Makadi aja muwasunge pafupi. Pamsonkhano uliwonse muzipita msanga, muzikhala kutsogolo. A Ackim muwatumizire mawu ku Lobi kuti akafunsidwa anene zoona zokhazokha: ananyamula katoni, basi.

Mundiyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri. Ndikuopa, amake Yohana.

Gerevazio

3 Sepitembala 1972

Amake Yohana,

Moni sindikudziwa kuti ndiupereke bwanji. Kalata yanu ndalandira dzulo. Ine ndili moyo.

Ndawerenga kuti amayi anakwanitsa, zomvera zinakhala pa msomali milungu iwiri. Kenako kunabwera mawu akuti alongo awo a abambo agonekedwa kuchipatala ku Lilongwe ali kayakaya, ndipo abambo anati sangakhale osamva mauthenga a maliro. Anadikira inu mutapita kudimba, anatenga zonse n'kukwera. Galimoto inaima kumsewu wa nkhalango, anthu anayi anakwera wapansi. Anatenga abambo, wayilesi, zomvera, waya, ngakhale batire lakutha lija anabwera kudzalifuna kunyumba. Inu munangotola chipewa panjira.

Chipewacho chikundizunza. Ali kumeneko mutu uli pamtunda, munthu wa zaka zimenezo.

Ali kuti? Kuboma konkuno kapena anapita nawo kwina? Alipo amene wawaona ndi maso? Tengani jasi, bulangete latsopano lija ndi chakudya, mupite mukafunse mwaulemu. Musapite nokha, ndipo mwana mumusiye. Akakana kulandira, mubwerere mwakachetechete, mudzapitenso. Pakhomo musalire mokweza, angati mukudandaula.

Galimoto siidziwa yokha nthawi imene nkhalamba yakwera phiri. Alipo amene anaiuza. Dzina sindilemba, koma amene ankaimba za "mobisa" pabwalo tsiku limenelo anali kuti? Ndikadakhala pafupi bwenzi nditachita zoipa.

Ndatumiza ndalama ya basi. Mbewu ya chimanga musagulitse, zivute zitani.

Gerevazio

15 Okutobala 1972

Okondedwa amake Yohana,

Moni kwa inu, kwa Yohana ndi kwa amayi. Ine thupi lili bwino. Mwezi wathunthu ndinkapita pa zenera la makalata n'kubwerako chimanjamanja, mpaka kalaliki anayamba kupukusa mutu ndisanafike. Sabata ino zafika ziwiri pamodzi, yanu ndi ya a Linus.

Za a Linus ndinalankhula ndi mkwiyo, mawu aja muwafute. Mwati ndiwo akupita kuboma sabata iliyonse wapansi, ndiwo anagwada mpaka jasi linalandiridwa, ndipo anzawo a makadi aja tsopano akawaona amayang'ana kumbali. Amene anauza galimoto sitidzamudziwa, mwina ndi mayi wamantha chabe amene anauza mwamuna wake.

Alamu alemba mosazungulira. Akuti, "Alamu, sindikulemba kuti tikangane, za mpira zinatha. Abambo ndawaona kamodzi pa mpanda, aonda, sanandimve nditawaitana." Akuti wamkulu wa kumeneko anawauza kuti nkhalambayo ndi yamwano. Akaifunsa mafunso imangoyang'ana milomo, osayankha. A Linus atalongosola kuti ndi wogontha, iye anati, "Pathanthwe amayankha bwinobwino anthu amene sitikuwaona, kuno ndiye wagontha?"

Amake Yohana, nditawerenga pamenepo ndinatuluka panja. Munthu amene amayankha moni wa m'wayilesi kuopa kuchita mwano, lero akumutcha wamwano. Zomvera zili m'kabati mwawo momwemo. Atangoziona bwino akadazindikira kuti munthuyo samva popanda zimenezo. Sindikufuna kuganiza zimene amachita munthu akapanda kuyankha.

Za maliro a azakhali anu a ku Lilongwe pepani. Abambo sakudziwa, ndipo palibe wowauza.

A Ackim akuti anaitanidwa, anakhalako masiku angapo, anabwerera. Tsopano sakulankhula ndi munthu, ngakhale kutchalitchi sakupita. Ndinawasenzetsa katundu wolemera osadziwa.

Mawu otsiriza a m'kalata ya alamu ndi awa. Wamkulu uja anati, "Mkuluyu tilibe naye ntchito kwenikweni. Tikufuna mwini makina, amene anawagula kunja. Abwere adzalongosole yekha." Ndinamuwerengera Mandla. Iye anati, "Gerevazio, msampha suuza mbewa kuti ndine msampha. Ukapita adzasunga nonse awiri. Khala kuno, mkazi ndi mwana uziwatumizira ndalama, wamoyo ndiye amathandiza." Bambo wa ku Ntcheu uja akuti zomwezo. Nthawi yanga itha kumayambiriro kwa mwezi wa mawa, ndipo kapitawo wandifunsa kale ngati ndiwonjezere miyezi ina. Sindinamuyankhe.

Kalata yanu ndaiwerenga kufunafuna mawu amodzi. Mwalemba za mwendo wa amayi, za mbuzi imene yaswa, za Yohana amene akumafunsa agogo ake. Simunalembe kuti bwerani, simunalembenso kuti musabwere. Ndakumvani. Uyo ndi bambo wanu, uyu ndi mwamuna wanu, sindikukakamizani kusankha.

Galauzani munda wa kumtunda, mvula ili pafupi. Ngati mphamvu zachepa, itanani anthu muwaphikire thobwa.

Ndine wanu,
Gerevazio

5 Novembala 1972

Amake Yohana, mkazi wanga,

Moni nonse. Ine ndili bwino, ndipo ndagona tulo tabwino koyamba chichokereni Ogasiti. Kapitawo ndamuyankha. Sindiwonjezera. Tinyamuka Lachinayi.

Mundilole kaye ndilankhule ndi anzathu amene amayamba kuwerenga makalata athu ife tisanawerenge.

Moni, bambo. Dzina langa ndine Gerevazio, mkamwini wa a Alufeo amene mukuwasunga. Wayilesi ija ndinagula ndine, zomvera ndinagula ndine, waya ndinatumiza ndine. Woletsa kumvera pagulu ndine, chifukwa choumira mabatire. Wowatuma kuthanthwe ndine, chifukwa m'chigwa mawu samveka. Makalata anga mwawaona, mukudziwa kuti sindikunama. Makina amenewo amangolandira mawu, satumiza. Itanani wokonza mawayilesi aliyense awatsegule pamaso panu. Apongozi anga ndi wogontha. Ngati muli ndi funso kwa iwo, imani pafupi kumanzere kwawo, mulankhule pang'onopang'ono akuona milomo yanu. Adzakuyankhani mwaulemu, sanamanepo munthu yankho. Mwati mukufuna mwini makina. Ndikubwera ndekha, simuchita kundifuna. Ndikupempha kuti mawu anu aja muwasunge.

Tsono inu, amake Yohana. Mandla sakundilankhula, akuti ndapenga. Mwina akunena zoona kuti adzasunga tonse awiri, sindikukunamizani kuti ndikudziwa. Koma ndayesa kudziona ndili kuno chaka china, ndikudya, ndikutumiza mabulangete, nkhalamba ili pa simenti chifukwa cha mphatso yanga, ndipo ndalephera. Yohana akadzakula adzafunsa, ndipo sindikufuna kuti mudzachite kumupangira nkhani. Mantha ndili nawo, ambiri. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, amatero akulu, koma ine ndikuopa ndithu, kungoti ndikupitabe.

Sutikesi yanga ibwera ndi bambo wa ku Linthipe wina, akasiya kwa akatekisiti. Muli diresi lanu, juzi la mwana, mankhwala opaka a mwendo wa amayi, ndi nsapato za a Linus, zawo zatha ndi msewu wa kuboma. Ndalama zanga zimene zimasungidwa kwathuko ndalembetsa dzina lanu. Mukatenge pamodzi ndi alamu, musapite nokha. A Ackim muwapatseko nkhuku, muwauze kuti ndati pepani.

Mvula ikagwa bzalani, musadikire munthu. Mbuzi yoswa ija musagulitse. Yohana akafika msinkhu apite kusukulu ya kumishoni, ngakhale ena anene kuti mwana wamkazi n'kutaya ndalama.

Musabwere kudzandichingamira ku basi, ndipo mwana musamuuze tsiku. Ndikatsika kuboma sindidzera kunyumba, chifukwa ndikakuonani miyendo ingakane. Ndilunjika komweko. Inu muzingokhala pakhomo, madzi osamba azikhala pamoto. Mukadzaona abambo akulowa pa mpanda, mudzadziwe kuti ndinafika bwino.

Ndine mwamuna wanu,
Gerevazio